Dzina la Azakhali pa Google

Msuweni wanga Hopeson Namakhwa ndi munthu woti mutha kudutsana naye pamsewu wopita ku Mishoni osamuona n'komwe. Wamtali, woonda, malaya ake omwewo a mizeremizere amene kolala yake ndaitembenuza mpaka kutopa, maso ali pa foni ngati pansi palibe miyala. Ali ndi kashopu pafupi ndi chigayo. Amatchaja mafoni ndi sola, amaika nyimbo m'mamemore, amalembera anthu makalata ofunsira ntchito pa kompyuta. Ine Fyness ndimasoka pakhonde la kashopu komweko, ndiye ngati alipo munthu amene wauona moyo wa Hopeson tsiku ndi tsiku, ndine. Mayi ake ndi bambo anga ndi a bere limodzi, choncho chilolezo chomunyoza ndinabadwa nacho. Ndimamuitana mwamuna wanga, iye amayankha kuti akanakhaladi mwamuna wanga bwenzi atathawira kale ku Mozambiki kumene anachokera makolo athu.

Kale ankagwira ntchito mu Zomba, pamalo ena pamene anthu ankapita kukagwiritsa ntchito intaneti. Zonse za makompyuta anaphunzirira pomwepo, poonera ndi kuyesa. Mafoni amakono atadzaza m'manja mwa aliyense, malowo anatsekedwa. Chaka chomwecho azakhali anga, mayi ake, anagwa ndi sitiroko ali kumunda wa mpunga, mbali yakumanja yonse n'kufa. Kwathu kuno wotsala pamudzi kusamala mayi ndi mwana wamkazi, wamwamuna amapita kuchikamwini. Hopeson anali kwa mkazi wake chakumbali ya Malosa. Anatsanzika kuti akukasamala mayi ake kwa mwezi umodzi, mwezi uja unatalika, mkazi anatopa kudikira, ukwati unangozima wokha popanda kutukwanana. Ana ake anatsala kwa mayi awo, ndipo amawaona mwa apo ndi apo.

Osati kuti mwana wamkazi panalibe. Analipo Esnath, mchemwali wake wa Hopeson, wamng'ono kwa iye, wokongola komanso wamakani ngati mayi ake. Esnath anapita ku Joni ndi mwamuna wina woyendetsa lole amene azakhali sankafuna ngakhale kumva dzina lake. Tsiku lonyamuka, pasiteji, anthu ali yavuyavu, azakhali anamuuza kuti, "Ukakwera minibasi imeneyo, usadzanditchulenso kuti mayi." Anakwera. Miyezi yoyambirira ankandiimbira ine mobisa. Kenako tinamva kuti mwamuna uja wamusiya, nambala yake n'kusiya kugwira. Kunonso mafoni ena anabedwa, ena anagwera m'ngalande, manambala n'kusintha. Esnath anatchona.

Matenda atawagona, azakhali mtima unafewa. Lilime linkawalemera, mawu ambiri ankatuluka opindika, koma dzina la mwana wawo linkatuluka losalala. M'mawa uliwonse Hopeson akawatulutsa padzuwa, akawapatsa moni wawo wa Chilomwe uja, mosheliwa, iwo m'malo moyankha ankafunsa, "Za Esinati wamva?" Ndiye chimene Hopeson ankafuna padziko lapansi chinali chimodzi chokha, kuti Esnath adziwe kuti mayi ake akumufuna, mayiwo asanatisiye.

Anayesa zonse. Pa Facebook a Esnath ndi ambirimbiri koma wathu panalibe. Anafunsa anyamata amene amabwera ndi katundu kuchokera ku Joni, iwo n'kumamufunsa kuti Joni yake iti, poti Joni si mudzi. Tsiku lina anatuluka m'shopu n'kuima pafupi ndi makina anga.

"Fyness, ife kumupeza takanika. Ndiye iye atipeze."

"Atipeza bwanji? Tasamuka?"

"Munthu wotchona safunsa anthu, amachita manyazi. Amafunsa foni."

Mmenemo ndi mmene linayambira Khonde la Domasi. Ndi bwalo la pa intaneti, lokambirana. Munthu amalowa, amayamba nkhani n'kuipatsa mutu, ena amayankha pansi pake, ndipo aliyense padziko lapansi atha kuwerenga ngakhale asanalembetse. Maganizo a Hopeson anali oti tsiku lina Esnath, kusowa kwawo kukamupweteka, adzalemba mawu oti Domasi pa Google, bwalolo lidzatulukira, adzalowa, adzaona dzina la mchimwene wake.

Poyamba anthu anakhamukirako. Aphunzitsi, ana a kukoleji, anzathu okhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, onse ankatsutsana za mpira ndi za mlatho. Sipanatenge nthawi, magulu a WhatsApp anawakokolola onse. Ine ndinamuuza kuti nayenso angotsegula gulu ngati anzake, asiye kudzivutitsa.

"WhatsApp ndi nyumba yotseka chitseko," anatero. "Ongoitanidwa ndi amene amalowa. Esnath amuitana ndani? Google siona za m'kati muja. Ine ndikufuna pakhonde, poonekera kumsewu."

Otsala pabwalopo anali madala ochepa, aja amakonda kulemba zitalizitali. A Henderson, amene anali ahedi asanapume, anzawo awiri atatu, ndi bambo anga, amene ndi mkulu wa mpingo ndipo amalemba ndi chala chimodzi lilime lili panja. Dzina la bambo anga musayembekeze kuti nditchula. Ndinaleredwa.

Vuto linali loti ukalemba Domasi pa Google, Khonde silinkaoneka. Pamwamba pankabwera koleji, Mishoni, nkhani za m'nyuzipepala, mapu. Khonde linali kumunsi kwenikweni, kumene munthu safika pokhapokha ngati alibe chochita. Hopeson anayamba kuwerenga mmene amakwezera tsamba kuti lizibwera pamwamba, bando ikutha ngati madzi a m'chilimwe. Ankandifotokozera ine, poti panalibe wina womumvera.

"Google ili ndi timakina timene timayenda tsamba ndi tsamba kuwerenga. Choyamba timaona mutu wa nkhani. Mawu amene munthu walemba pofufuza akafanana ndi a pamutu, nkhaniyo imakwera. Tsono taona mitu ya kwathu."

Anandionetsa. Abale inu, ndinaseka mpaka singano inandibaya. Mitu yonse pabwalopo inali moni. Moni nonse. Mwadzuka bwanji abale. Zikomo kwambiri akuluakulu. Pepani ndifunse nawo. Nkhani ya tizilombo ta mu mpunga, mutu wake moni. Nkhani ya mlatho wothyoka, mutu wake moni. Ife anthu a kuno sitingayambe ndi nkhani tisanapereke ulemu, ndipo timakina ta Hopeson ulemu sitiudziwa.

Ndiye anayamba kusintha mitu ija. Pamene panali "Moni nonse" anaikapo "Nthawi yofesa mpunga wa Faya ku Domasi". Pamene panali "Pepani ndifunse nawo" anaikapo "Minibasi zochokera ku Zomba kupita ku Domasi". Moni uja sanamufufute, anangomutsitsira m'munsi. Koma a Henderson anabwera panjinga, thukuta lili kamukamu, njinga n'kuigwetsa dala pafupi ndi nsalu zanga.

"Mwana wa amake Hopu, wandidula moni?"

"Ayi ahedi, moni wanu alipo, ndangomuika pansi pa mutu."

"Moni wapansi ndi moni? Ukafika pakhomo pa munthu umayamba ndi za mpunga? Anthu aziti Henderson wakalamba n'kuiwala khalidwe!"

Hopeson anapepesa, anagwira m'manja, koma mitu sanabwezeretse. Makani a m'banja lawo amenewo. A Henderson anapitiriza kulemba, kungoti tsopano moni ankamulemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Zinagwira ntchito, nanga ndiname? Pakutha pa mvula, ukalemba mpunga wa Domasi, Khonde linkabwera tsamba loyamba. Alendo anayamba kufika. Wina wa ku Mzuzu ankafuna mbewu. Wina ankafunsa ngati msewu ndi wabwino. Mzungu wina wamkazi analemba Chingelezi chambiri, ati agogo ake anakhalapo pa Mishoni. Onse ankafunsa zawo, akayankhidwa n'kupita, osabweranso. Esnath sanaoneke.

Masiku amenewo ndinkamuyang'ana Hopeson mtima n'kumandiwawa, ngakhale pakamwa ndinkamunyoza. Kuwasambitsa azakhali ndinkawasambitsa ndine, poti mwana wamwamuna sangatero. Zina zonse anali iye. Kutunga madzi pamjigo pakati pa azimayi, kuphika phala, kusuluza kalongonda tsiku lonse chifukwa azakhali ankamulakalaka, kuchapa zofunda. Amuna anzake ankamuseka kuti watsala n'kumanga chitenje. Pabawo sankapita, kumpira sankapita. Masana ankadya chinangwa yekha kuseri kwa kauntala, kwinaku akulemba. Nkhani yopanda woyankha imamira, ndiye ankafunsa funso iye yekha, n'kudikira, pakapanda munthu n'kudziyankha yekha. Ukatsegula Khonde unkangoona Hopeson, Hopeson, Hopeson, ngati munthu wolankhula m'nyumba yosamukamo.

"Mwamuna wanga, wapenga," ndinamuuza tsiku lina. "Ukucheza ndi ndani?"

"Ndikusesa pabwalo," anatero. "Mlendo asadzapeze udzu."

Amene anatitsegula maso ndi a Zakaria. Awa anatchona ku Joni kuyambira ine ndili mtsikana, ndipo anabwerera chaka chatha ali ndi kachikwama kamodzi ndi chifuwa. Anabweretsa thalauza kuti ndiwachepetsere m'chiuno, poti thupi linali litatha. Akudikira pabenchi, Hopeson anawafunsa ngati kumeneko ankafufuzako za kumudzi pa foni.

"Kwambiri," anatero a Zakaria.

"Munkalemba chiyani? Domasi? Mpunga? Mishoni?"

A Zakaria anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. "Mpunga? Ine ndifufuze mpunga ndili ku Joni? Achimwene, munthu wotchona Domasi amamudziwa, safuna kuuzidwa. Ine ndinkalemba dzina la mayi anga. Dzina lawo lenileni, lonse. Ndikaona kuti palibe chatuluka, ndinkati basi, ali moyo, akanamwalira wina akanalemba penapake. Mtima n'kukhala pansi. Chete ameneyo ndi amene ankandigoneka tulo."

Makina anga anaima okha. Hopeson analowa m'shopu. Ndinamutsatira. Analemba dzina la mayi ake m'kabokosi kofufuzira ka pa Khonde lake lomwe, ndipo panatuluka mawu oti palibe chapezeka. Zaka zonsezo, nkhani zonsezo, ngakhale nkhani zopempha mapemphero a odwala, dzinalo panalibe paliponse. A Henderson ankalemba amake Hopu. Bambo anga ankalemba achemwali anga. Hopeson ankalemba amayi. Ndani akanalemba dzina la munthu wamkulu chonchija, poyera, ngati akuitana mwana? Hopeson chibadwire anali asanalitchulepo ndi pakamwa pake.

"Ndiye kuti Esnath akalemba dzina la amayi, amapeza chete," anatero. "Nthawi yonseyi Khonde langa lakhala likumuuza kuti kuno kuli bwino."

Sanalembe tsiku lomwelo. Anayamba wapita kukapempha. Ine ndinalipo, ndikuwapesa azakhali tsitsi pamkeka. Anagwada ngati wabwera kudzafunsira mbeta.

"Amayi, ndikufuna ndilembe dzina lanu pa intaneti. Lenileni. Popanda a, popanda mayi, mmene angalilembere munthu wofufuza. Aliyense adzaliona."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo labwino lija. "Ulitchule kaye."

"Amayi?"

"Tchula. Ndimve ngati ukulidziwa."

Hopeson, bambo wamkulu wa ndevu zake, anatuluka thukuta. Anayang'ana kwa ine, ine n'kuyang'ana kumbali, za eni. Kenako ananong'ona, "Eluby."

Azakhali anaseka, kuseka kwa mbali imodzi, misozi n'kutsika. Anati chiwamwalirire amuna awo palibe anawaitanapo choncho, ankayesa kuti dzinalo linakwiriridwa limodzi ndi iwo. "Lemba," anatero. "Ndinamuchititsa manyazi pasiteji. Nanenso ndichite manyazi."

Mutu umene Hopeson analemba unali uwu: "Eluby Namakhwa wa ku Domasi akudwala, akufuna mwana wake Esnath." Pansi pake anaika nambala yake ya foni. Inenso pano ndalitchula dzinalo chifukwa nkhani yafuna, musandiyese wamwano.

Bambo anga anafika pashopu dzuwa lisanakwere, ndodo ili m'manja, jekete la kutchalitchi atavala mokhotakhota.

"Iwe Hopeson! Mayi ako wawavula pamsika?"

"Amalume, ndinawapempha, anavomera."

"Munthu wodwala amavomera chilichonse! Ine mwini mbumba unandifunsa? Dzina la mchemwali wanga lili mbee, ana a sukulu akuliwerenga, ndiponso walengeza dziko lonse kuti m'banja mwathu muli mwana wothawa. Fufuta!"

"Sindifufuta, amalume. Pepani."

Ndinayesa kulowererapo, bambo anandiuza kuti nditseke pakamwa ndizisoka. Ndinawayankha kuti pakamwa sindisokera, koma anali atachoka kale. Tsiku lomwelo anatuluka pa Khonde. A Henderson analemba nkhani yaitali yotsanzika, mutu wake "Moni nonse", yonena kuti bwalo lopanda ulemu iwo sangakhalepo. Anzawo anawatsatira. Kutchalitchi azimayi ena ankandifunsa ngati msuweni wanga akusuta. Pa Khonde panatsala Hopeson yekha, tsopano yekhayekha weniweni.

Ndipo Google siithamanga. Hopeson ankalemba dzina lija m'mawa uliwonse kuti aone ngati latuluka, osatuluka. Anandiuza kuti nkhani imakwera msanga ngati ena akuyankhapo n'kumatchula mawu omwewo, komanso ngati masamba ena akulozera kumeneko. Anapempha oyendetsa masamba a ana asukulu akale kuti aike kanjira kolozera ku nkhaniyo. Ena anavomera, ena anati za m'banja ayi. Woyankha panalibe. Tsiku lina ndinamulanda foni.

"Bweretsa kuno, wandikwana ndi nkhope yakoyo."

Ndinalembetsa, ndinayankha pansi pa nkhaniyo. Moni ndinayamba naye, zimenezo sindisiya. Koma dzina la azakhali ndinalilemba lonse. Ndinawonjezera kuti Esnath, ndine Fyness, ngati ukuona izi usiye uchitsiru. Hopeson anati mawu omalizawo sathandiza pa Google. Ndinati amathandiza ine.

Mpunga utayamba kubereka, dzina lija linatulukira. Ukalilemba, chinthu choyamba pamwamba penipeni chinali Khonde la Domasi. Hopeson anandionetsa, n'kubwerera kukatchaja mafoni a anthu.

Ali ndi kachida kena kamene kamamuonetsa maiko amene alendo a pa Khonde akuchokera, ndi nkhani imene atsegula. Mayina sikaonetsa. M'mawa wina anandiitana ndi mawu achilendo. Pagalasi la kompyuta panali South Africa, mlendo mmodzi, ndipo nkhani imene anatsegula inali ya azakhali. Mawa lake, yemweyo. Mkuja, yemweyonso. Nthawi yake inali imodzimodzi, m'mamawa, nthawi imene anthu amakhala ali pa ulendo wa kuntchito. Sankalemba kanthu, foni sankaimba. Ankangotsegula, kukhalapo kanthawi, n'kutseka.

"Akhoza kukhala wina aliyense," ndinatero, poopa kuti angadzagwe pamtunda. "Mwina ndi timakina tako tija."

"Timakina sitibwerera pa nkhani imodzi m'mawa uliwonse. Ndi iyeyo."

Anakawauza azakhali. Kuyambira pamenepo funso lawo la m'mawa linasintha. Ankafunsa, "Wabwera?" Iye ankayankha, "Wabwera, amayi, koma ali panja." Ndipo Hopeson anayamba kulembera mlendo uja tsiku lililonse, pansi pa nkhani yomweyo. Lero amayi adya phala lonse. Lero mwendo watupa. Mtengo wa mango wa kuseri uja tinadula, unkagwetsera nthambi padenga. Lero amayi aimba nyimbo ya Mvano, mawu sanamveke koma Fyness anaizindikira. Sanamukakamize, sanamudzudzule. Ine ndinkapsa mtima. Ndinkafuna alembe kuti iwe mtsikana, nambala ukuiona, chikukuvuta n'chiyani? Mayi ako akutha, mchimwene wako ukwati unamuthera chifukwa cha ntchito yako, iwe uli phee kusuzumira ngati mbava! Hopeson ankangopukusa mutu.

"Ukamukalipira athawa, ndipo sitidzadziwa kumene walowera."

Chilipo china chimene sankanena koma ine ndinkachiona. Mlendo wachete uja anali yekhayo amene ankabwera kwa Hopeson tsiku ndi tsiku osafuna kutchajitsa foni. Akaona South Africa, mmodzi, nkhope yake inkawala mpaka masana. Tsiku limene netiweki yavuta ankakwera pachulu cha kuseri kwa chigayo, dzanja lili m'mwamba, anthu akumuseka.

Nthawi yokolola azakhali anayamba kukana chakudya. Masana ena ndikuwapukuta kumaso, anamuitana Hopeson kuti ayandikire. Mawu anali atatsala pang'ono, tinkachita kutchera khutu.

"Wabwera?"

"Wabwera, amayi."

"Akuopa. Ndine ndinatseka chitseko." Kenako anawonjezera kuti, "Akadzati odi, usamufunse kumene anali. Umuuze alowe."

Hopeson anafuna kulemba mawu amenewo tsiku lomwelo, koma azakhali anakana ndi dzanja lawo lamoyo lija. Anati odi amayamba ndi mlendo. Makani aja sanawathere mpaka pomaliza.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, mpunga wawo uli pamkeka kuyanikidwa. Azimayi a Mvano anadzaza pabwalo ndi zoyera zawo, anaimba mpaka mawu kusasa. Bambo anga analira ngati mwana, ndipo kumanda, polengeza mbiri, dzina lija analitchula okha, lonse, anthu akumva. A Henderson ananyamula nawo bokosi. Hopeson sanalire pagulu. Ankangoyendayenda, kuona nkhuni, kuona madzi, ngati maliro ndi a eni.

Shopu inakhala yotseka mpaka titasesa. Pa Khonde sanalembe chilichonse. Titatsegula ndinamufunsa.

"Wamuuza?"

"Ayi."

"Hopeson, ndi mayi akenso."

"Ndikudziwa." Anakhala pa benchi yanga, manja ali pakati pa maondo. "Ndalephera, Fyness. Ndinamufikitsa pakhomo koma sanaonane. Ndipo ndikalemba kuti amwalira, abweranso kudzatani? Amabwerera amayi. Ndikalemba, mawa pagalasi paja sipakhala munthu."

Ndinamumvera chisoni chimene sindinamverepo munthu wamoyo. Ndinangoponda makina, kusoka mzere umene ndinali nditausoka kale.

Mlendo uja sanasiye kubwera. Masiku onse a maliro ankatsegula nkhani ija n'kupeza mawu akale omwewo, oti lero amayi amwa tiyi pang'ono. Tsopano ankabwera m'mawa, masana, madzulo. Hopeson ankaziona, osakhudza kalikonse. Ine ndinakumbuka mawu a a Zakaria, oti chete ndi amene ankawagoneka tulo. Koma munthu amene wazolowera kumva za mayi ake m'mawa uliwonse, chete samugoneka.

Linali Lachiwiri, chigayo chikulira, ine ndili ndi yunifomu ya mwana wa eni pamakina. Ndinamva mpando ukugwa m'shopu. Nditalowa ndinamupeza Hopeson ataima, akuloza kompyuta. Pa Khonde panali membala watsopano, woyamba chilembetsereni ine, ndi nkhani yatsopano. Mutu wake unali wa mawu amodzi, wopanda Domasi, wopanda dzina, woti timakina tonse ta padziko lapansi sitingaupeze.

"Odi."

Pansi pake panali mzere umodzi. "Achimwene, bwanji mwangoti zii?"

Hopeson anadzutsa mpando, anakhala. Anaika zala pa mabatani n'kuzichotsa. Ine mawu onse amene ndinasungira Esnath zaka zonsezi anali okonzeka, ndipo akanandipatsa kompyutayo bwenzi itayaka moto. Sanandipatse. Analemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi ngati amalume ake.

"Esnath. Amayi anakusiyira mawu. Anati ukadzati odi, tisakufunse kumene unali. Lowa."

Anatumiza. Munthu wina anafika pakhonde ndi foni yoti atchajitse, ndinamubweza ndi dzanja. Kenako foni ya Hopeson inayamba kunjenjemera pa kauntala, nambala yaitali yakunja. Anaiyang'ana ikulira, n'kuitenga ndi manja awiri.

Sindinamve mawu a mbali inayo, ndinangomva kulira, kuja kwa munthu amene wadziwa kale. Hopeson sananene kuti pepa, sanafotokoze za Lachisanu. Anangoti, "Ndili pompano, mchemwali wanga. Usadule." Pamenepo ndi pamene analira mayi ake, foni ili kukhutu, chipumi chili pa kauntala pakati pa matchaja a anthu.

Ndinatuluka, ndinakoka chitseko, n'kukhala pakhonde kuuza aliyense wobwera kuti lero sititchaja.